Madzi akatayika saoleka, koma mlandu suola

 Lero tili ndi funso lolemera pang'ono, ndiye khalani bwinobwino.

Tinene kuti anthu ena anakupherani bambo anu ndi agogo anu inu muli mwana. Nkhondo yatha, ndipo tsopano mukukhala mumzinda umodzi ndi anthu a mtundu womwewo. Buledi mukugula sitolo imodzi, kusukulu mukukhala benchi limodzi ndi ana awo. Mukasunga chidani, chikudyani pang'onopang'ono. Mukachitaya, kamawu kena mumtima kakufunsani kuti, "Ndiye bambo ako aja wawagulitsa eti?" Funso lathu ndi limenelo: kodi munthu angasiye chidani popanda kuwataya akufa ake?

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri yooneka ngati ikukangana pa nkhaniyi. Wina umati madzi akatayika saoleka. Wina umati mlandu suola. Tiyeni tiiyese yonse iwiri pa moyo wa munthu weniweni, Thomas Buergenthal, mwana wachiyuda amene anatuluka wamoyo ku Auschwitz.

Thomas anabadwa mu Meyi 1934 ku Ľubochňa, kamudzi ka m'mapiri m'dziko lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa Czechoslovakia. Makolo ake anali atachoka ku Germany pa nthawi yomwe Hitler ankatenga boma mu 1933. Zinthu zitavutanso kumeneko anawolokera ku Poland, ndipo atavutika ndi mapepala kwa miyezi, zomwe ambiri a inu mukuzidziwa, anapeza chilolezo chopita ku England. Tsiku lonyamuka linali pa 1 Seputembala 1939. Limeneli ndi tsiku lomwe asilikali a Germany analowa m'Poland. Ndege zinaponya mabomba pa sitima yawo ali panjira, ulendo wa ku England n'kuthera pompo.

Banjalo linakathera mumzinda wa Kielce, m'dera lotchingidwa lomwe Ayuda ankatsekeredwamo, lotchedwa ghetto. Mu Ogasiti 1942, m'masiku ochepa chabe, Ayuda pafupifupi 20,000 a mmenemo anakwezedwa sitima kupita ku Treblinka, komwe anakaphedwa. Agogo ake a Thomas, makolo a mayi ake, anali m'gulu lomwelo. Otsala anawasandutsa antchito a chibalo. Mu 1943 asilikali anabwera kudzatenga ana, poti kwa iwo mwana anali pakamwa pongodya. Thomas, ali ndi zaka 9, anauza mkulu wa asilikaliwo m'Chijeremani kuti iye angathe kugwira ntchito. Anamusiya. Ana ena oposa 40 anakawomberedwa kumanda a Ayuda. Pakati pawo panali Ucek ndi Zarenka, ana amasiye awiri omwe makolo a Thomas anali atawatenga ngati awo.

Mu Ogasiti 1944 anawatumiza ku Auschwitz. Kumeneko mwana wa zaka 10 nthawi zambiri ankangotsika sitima n'kulunjika kuchipinda cha mpweya wa poizoni. Koma chifukwa gulu lawo linkachokera kumsasa wa antchito, tsiku limenelo sanawasankhule. Pamkono pake anamudinda nambala B-2930. Anamulekanitsa ndi mayi ake, kenako ndi bambo ake. Mu Januwale 1945, asilikali a Soviet Union akuyandikira, akaidi anawayendetsa wapansi masiku atatu m'chisanu choopsa mpaka ku Gliwice. Wolefuka ankamuwombera pamsewu pomwepo. Atatero anawalonga m'mabogi opanda denga mpaka ku Sachsenhausen, pafupi ndi Berlin. Pofika, zala za kuphazi za mwanayu zinali zitafa ndi chisanu, ndipo ziwiri anazidula.

M'chipatala cha msasawo anakumana ndi mkaidi wina wa ku Norway, Odd Nansen, yemwe ankamubweretsera chakudya komanso kupereka fodya kwa oyang'anira kuti dzina la mwanayo lisalowe pa mndandanda wa opita kukaphedwa. Mu Epulo 1945 msasawo unamasulidwa. Thomas anali asanakwanitse zaka 11. Bambo ake anali atafera mumsasa wina nkhondo itatsala miyezi yochepa kutha.

Anayenda kanthawi ndi gulu la asilikali a Poland, kenako anakakhala kunyumba ya ana amasiye achiyuda ku Otwock. Mayi ake nawo anapulumuka n'kubwerera kwawo ku Göttingen, ku Germany. Anthu ankawauza kuti mwana wa msinkhu umenewo sangakhale moyo, iwo n'kumakana. Dzina lake litapezeka pa mndandanda wa ana a ku Otwock, awiriwa anaonana mu Disembala 1946.

Tikanakhala tikuonera filimu, apa ndi pomwe nyimbo ikanalira n'kumati zatha bwino. Koma funso lathu likuyambira pomwepa. M'buku lake lotchedwa A Lucky Child, Thomas anafotokoza kuti Lamulungu ankaima pakhonde la m'mwamba pa nyumba yomwe ankakhala ku Göttingen, n'kumaona mabanja a Ajeremani akuwongola miyendo mumsewu, ana ali ndi bambo awo ndi agogo awo. Zimene ankalakalaka zinali zoti akanakhala ndi mfuti yachiwaya pakhondepo, awachite zomwe iwo anachita kwa abale ake. Mwana wa zaka 12 ameneyo.

Musafulumire kumudzudzula. Inu mukanalakalaka chiyani? Mumzinda womwewo agogo ake anali ndi sitolo ya nsapato, ndipo ena mwa oyenda mumsewuwo ayenera kuti ankawadziwa. Chidani cha mwanayu chinali ndi choonadi mkati mwake. Chinkanena kuti zimene zachitikazi n'zoipa, bambo anga anali munthu, wina ayenera kuyankhapo. Munthu amene angaone zonse zija n'kusamva mkwiyo ndi komwe, timayamba kumukayikira ngati mtima wake uli bwino. Nthawi zina chidani chimakhala chikondi chomwe chasowa wochilandira, ndipo n'chifukwa chake kuchisiya kumamveka ngati kupereka m'bale.

Vuto lili pa mfutiyo. Mfuti yachiwaya sisankha. Mumsewu muja munkadutsa munthu amene anali mlonda wa msasa, munkadutsanso mwana amene anabadwa mu 1940, yemwe sanaphe ngakhale nkhuku. Kuti muwombere onse, muyenera kuyamba mwavomera kuti mlandu umayenda m'magazi, kuti munthu amalakwa chifukwa cha mtundu womwe anabadwiramo. Taganizani, si mfundo yomweyo imene inapha Ucek ndi Zarenka? A chipani cha Nazi sanafunse kuti kamtsikana aka kalakwa chiyani. Anangoti ndi Myuda, basi. Choncho wobwezera pa mtundu wonse amaganiza kuti akutumikira akufa ake, chonsecho watengera nzeru za amene anawapha. Pamenepa mwambi woyamba uja ukunena zoona. Madzi anatayika. Ngakhale mzinda wonse wa Göttingen ukanagona pansi, bambo ake a Thomas sakanadzuka.

Ndiye aiwale? Limeneli ndi yankho lomwe anthu ambiri ku Germany ankalifuna nkhondo itangotha: zapita zapita, tonse tavutika, tiyeni timange dziko. Limamveka lanzeru komanso lamtendere. Koma mukamva munthu akuti tiiwale zakale, muzifunsa kuti kuiwalako kupindulira ndani. Amene akukhala m'nyumba yomwe inali ya Myuda, kuiwala kumamukomera. Amene ankalemba mayina a okwera sitima, n'kubwerera pa ntchito yake ya muofesi ngati palibe chachitika, kumamukomeranso. Wolipira mtengo wa kuiwalako ndi mwana uja, amene ayenera kumeza zonse kuti ena adye bwino.

Komanso choipa chimene sichinatchulidwe dzina sichichoka. Ku Kielce konkuja, pa 4 Julaye 1946, patatha chaka nkhondo itatha, khamu la anthu pamodzi ndi apolisi ndi asilikali ena linapha Ayuda 42, ambiri mwa iwo opulumuka ku nkhondo yomweyo. Chinayambitsa ndi bodza lakalekale loti Ayuda amaba ana achikhristu. Hitler anali atafa, koma bodzalo linali lamoyo chifukwa linali lisanazulidwe. Ana achiyuda pafupifupi 1.5 miliyoni anaphedwa m'zaka zimenezo. Kunena kuti ana onsewo ndi madzi otayika chabe, tingopukuta pansi n'kupitiriza, kumeneko ndiye kuwagulitsa kwenikweni.

Thomas sanatuluke m'chidani tsiku limodzi. Zinatenga zaka, sukulu, anzake a m'kalasi omwe anali Ajeremani, komanso chitsanzo cha Odd Nansen uja. Nansen ankalemba mobisa zochitika za tsiku ndi tsiku mumsasa, ndipo nkhondo itatha anazisindikiza. Sanabise kanthu pa nkhanza zomwe anaona. Koma ndalama za buku lomasuliridwa m'Chijeremani anazipereka kuti zithandize Ajeremani othawa kwawo, omwe nawonso anali atataya nyumba zawo. Mwaona zinthu ziwirizo mwa munthu mmodzi? Dzanja lina likulemba mlandu wonse osachotsapo chilembo, dzanja lina likudyetsa ana a mtundu womwe unamutsekera. Kwa iye panalibe kutsutsana, chifukwa mlandu unali wa amene anauchita, pomwe njala inali ya aliyense.

Mu 1951, ali ndi zaka 17, Thomas anapita ku America. Mwana amene anayamba sukulu mochedwa chonchi anaphunzira zamalamulo ku New York University ndi ku Harvard, n'kusankha gawo lomwe nthawi imeneyo linali lakhanda: malamulo a dziko lonse oteteza ufulu wa munthu. Kuyambira pano tiziwatchula kuti a Buergenthal, chifukwa tsopano ndi bambo akuluakulu, ndipo ntchito yawo ndi yomwe ikuyankha funso lathu.

Kuyambira 1979 mpaka 1991 anali woweruza m'khoti loona za ufulu wa anthu m'mayiko a ku America. Mu 1988 khotilo linagamula mlandu wa Manfredo Velásquez, wophunzira wa ku Honduras yemwe anagwidwa masanasana mumzinda wa Tegucigalpa mu 1981 ndipo sanaonekenso. Boma linkakana kuti silikudziwapo kanthu. Oweruza, a Buergenthal ali pakati pawo, anati boma la Honduras lili ndi mlandu, ndipo boma lililonse lili ndi udindo wofufuza munthu akasowetsedwa, kulanga olakwa ndi kupepesa banja lake ndi chipukutamisozi. Tangoganizani, munthu amene boma lina linamusandutsa nambala akuuza boma kuti munthu mmodzi wosowa ali ndi dzina, ndipo mutiuze komwe ali.

Kenako kunabwera nkhani ya El Salvador. Nkhondo yapachiweniweni kumeneko inapha anthu pafupifupi 75,000. Itatha mu 1992, bungwe la United Nations linasankha anthu atatu kuti afufuze zoona zake, mmodzi mwa iwo a Buergenthal. Mwa nkhani zomwe anakumana nazo panali ya mudzi wa El Mozote, komwe mu Disembala 1981 gulu la asilikali a boma lotchedwa Atlacatl linapha anthu pafupifupi 1,000 m'mudziwo ndi midzi yoyandikana nawo. Kwa zaka zambiri boma linkati n'zabodza. Akatswiri atafukula kanyumba kena pambali pa tchalitchi anapeza mafupa a anthu 143, ndipo 131 mwa iwo anali ana osakwana zaka 12. Munthu amene anaona anzake akutengedwa kupita kumanda a ku Kielce ndiye anali ndi ntchito yolemba zimenezi.

Panali chikakamizo chachikulu kuchokera ku boma ndi kwa asilikali kuti lipoti lisatchule mayina, lingoti zoipa zinachitika kumbali zonse. Atatuwo anakana. Lipoti lomwe linatuluka pa 15 Malichi 1993 linatchula mayina a akuluakulu a asilikali, linatchulanso atsogoleri a zigawenga omwe analamula kupha mameya a m'matauni.

Apa ndi pamene ndikuona kusiyana kwa mfuti ya pakhonde ija ndi cholembera. Mfuti imati "onsewo". Chilungamo chimati "uyu, pa tsiku lakuti, anachita chakuti kwa uje". Chikatero chimagwira ntchito ziwiri. Chimamanga wolakwa, ndipo chimamasula mwana wa wolakwayo, mnansi wake ndi mtundu wake wonse ku mlandu umene sanauchite. Wopulumuka sakufunikanso kudana ndi mzinda wonse kuti asonyeze kuti sanaiwale bambo ake, chifukwa mlandu uja walembedwa pamalo pomwe sungafufutike. Ndiye miyambi iwiri ija siikukangana ayi. Umodzi ukunena za akufa, kuti sitingawabweze. Winawo ukunena za ochita choipa, kuti nthawi siiwayeretsa.

Mwina wina akuti, "Zokoma kumva, koma zinathandiza chiyani?" Funso labwino. Patangopita masiku asanu lipoti lija litatuluka, nyumba ya malamulo ya El Salvador inakhazikitsa lamulo lokhululukira onse. Palibe anamangidwa pa za El Mozote. Inu amene muli ku South Africa mukudziwa kuti komiti ya Archbishop Desmond Tutu inkafuna munthu aulule zonse kaye asanakhululukidwe. Ku El Salvador sanafunse ngakhale zimenezo. Koma zolembedwa zinakhalapobe. Mu 2012 pulezidenti wa dzikolo anapita ku El Mozote kukapepesa m'dzina la boma, ndipo mu 2016 khoti lalikulu linathetsa lamulo lokhululukira lija, mlandu n'kutsegulidwanso. Panali patapita zaka 35 chichitikireni kuphako, ndipo makolo ambiri anali atamwalira akudikira. Njira imeneyi ndi yochedwa mopweteka, sindikukanizani. Koma mlandu uja sunaole.

Wina angatinso, "Ukumusandutsa woyera munthuyu." Ayi ndithu. Kuvutika sikupangitsa munthu kukhala wolondola pa chilichonse. Kuyambira 2000 mpaka 2010 a Buergenthal anali woweruza ku International Court of Justice ku The Hague. Mu 2004 khotilo linanena kuti khoma lomwe dziko la Israel linkamanga m'dera la Apalestina la West Bank n'losemphana ndi malamulo. Oweruza 14 anavomereza, mmodzi yekha anakana, ndipo anali iwowa. Anati khotilo linalibe umboni wokwanira woti ligamulire motero, ngakhale analembanso kuti midzi ya Aisraeli yomangidwa m'deralo ikuphwanya pangano la ku Geneva. Ambiri anakhumudwa nawo, mwina inunso simukugwirizana nawo. Chabwino. Koma zifukwa zawo anazilemba, ndipo mungaziwerenge n'kuzitsutsa. Chipolopolo simungachitsutse.

Palinso chenjezo lina, ndipo ili ndi lalikulu. Nkhani ngati iyi ndi yosavuta kuisandutsa chikwapu chokwapulira ena: "Onani mnzanu anapulumuka ku Auschwitz n'kukhala jaji, nanga inu mukulirabe chiyani?" Mwiniwake anatcha buku lake kuti mwana wamwayi, ndipo ankadziwa zimene akunena. Mkulu wa asilikali uja akanatha kungomukankhira m'gulu la ana ena. Ucek ndi Zarenka sanali opusa kapena aulesi kuposa iye. Ngakhale nkhondo itatha, mwayi unalipo: anapeza mayi ake amoyo, pomwe ana ambiri a ku Otwock sanapeze aliyense. Opulumuka ena anakhala moyo wonse akulota maloto oipa, ena sanayankhulepo za nkhaniyi mpaka kumanda, ena anadzipha patapita zaka zambiri. Amenewo sanalephere mayeso alionse. Mwana amene wapulumuka alibe ngongole kwa ife yoti atisangalatse ndi nkhani yotha bwino.

N'chifukwa chake mwaona kuti sindinagwiritse ntchito mawu oti kukhululuka ngati yankho. Kukhululuka ndi mphatso, ndipo mwini wake ndi wolakwiridwa. Akafuna apereka, akapanda kufuna palibe womulanda. Ndiponso pali zina zomwe wamoyo sangakhululuke m'malo mwa wakufa. Thomas akanatha kukhululukira amene anamudulitsa zala, koma ndani anamupatsa mphamvu yokhululukira m'malo mwa Zarenka? Zimene iye anachita n'zochepa kuposa kukhululuka, koma n'zotheka kwa anthu ambiri: anakana kuweruza munthu potengera mtundu wake, ndipo anakananso kunamizira kuti palibe chinachitika. Lero nyumba yomwe muli laibulale ya mzinda wa Göttingen imatchedwa ndi dzina lake. Anamwalira mu Meyi 2023 ali ndi zaka 89.

Abale anga, ambiri a ife sitidzaona msasa ngati wa Auschwitz, ndipo tisayerekeze mavuto athu ndi zimenezo. Koma funso lija limafika ngakhale m'mabanja mwathu, pa msinkhu wake. Mwana wachitidwa zoipa ndi munthu wamkulu wa pachibale, akuluakulu n'kukhala pansi n'kugamula kuti zithere m'nyumba momwemo, mwanayo akhululuke, asatichititse manyazi. Timautcha mtendere, koma wolipira ndi mwana. Akakula n'kumakana kupita kumaliro a munthu uja kapena kutumiza ndalama kumudzi, timati ndi wouma mtima. Chonsecho ife ndi amene tinamusiyira njira ziwiri zokha, kumeza kapena kudana ndi banja lonse.

Ngati mukufuna kuti mwana wotero asiye chidani, musayambe ndi kumulalikira. Yambani ndi kumukhulupirira. Tchulani chimene chinachitika ndi dzina lake lenileni, tchulaninso amene anachichita, ndipo ngati ndi mlandu wa kupolisi upite kupolisi. Katundu wokumbukira asamusenze yekha. Mwana amene akudziwa kuti mlandu wake uli m'manja mwa akuluakulu oona mtima amatha kubwerera kukasewera, kukaphunzira, kukakhala mwana. Zotsalazo, kaya adzakhululuka kaya ayi, musiyireni mwiniwake ndi nthawi yake.